Ng'ombe Yaboma Imene Ndinaphera Maliro a Bambo

Zikomo bwana mlangizi, zikomo nonse abale anga. Khalani pansi, ng'ombe zatuluka kale m'dibi, zisiyeni ziume. Ndikuona ena mwa inu zala zikuyabwa, mukufuna kukadinda papepala la ngongole ya misoti dzuwa lisanakwere. Sindinabwere kudzakuletsani. Inenso ndinadinda, ndi chala chomwechi, ndipo khola limene ndili nalo lero linachokera pa kudinda komweko. Koma pakati pa kudindako ndi khola lalero pali ndende ya ku Boma, ndipo njira yake ndikuidziwa bwino. Ndiye tandimverani kaye.

Kwa amene simundidziwa, ndine Simiyoni, mfunda wanga ndi Ngozo, kwathu ndi kumtunda kwa Nsipe kuno. Amene mumandidziwa mumanditcha Mtchona ndikangopotoloka. Musagwetse nkhope, ndimamva.

Dzinalo simunandinamizire. Ndinapita ku Joni nditangokwatira kumene, ndikuti ndikagwireko pang'ono kumigodi ndibwere ndi njinga. Ndinabwera imvi zitayamba. Amayi ndinapeza anamwalira kalekale, uthenga wake unandipeza udzu utamera pamanda. Mkazi wanga anatopa kudikira, anakwatiwa kwina, ndipo sindimuimba mlandu. Mlongo wanga Esinati anali kubanja ku Champiti. Pakhomo panatsala bambo okha, a Ngozo aakulu, maso atachita khungu, akukhala tsiku lonse pambali pa khola lopanda kanthu. Ng'ombe zawo zonse zinatha ndi chigodola, matenda aja a nkhupakupa, ndipo m'kholamo munangomera bonongwe.

Anthu ankandipatsa moni wa mlendo. M'mudzi mwathu momwe, amayi ena amati akakumana nane pachitsime amafunsa kuti alendo mubwerera liti. Pabwalo amuna akamakambirana nkhani, ine ndikatsegula pakamwa amangodikira kuti ndimalize, kenako n'kupitiriza pomwe analekeza. Chimene ndinkachifuna pa dziko lino chinali chimodzi basi, kuti ndikhalenso munthu wa kwathu, ndisadzafere kuchilendo monga anzanga amene tinawakwirira kumigodi opanda wowalira.

Nthawi yomweyo ndiye kunabwera nkhani imene mwaimva inunso lero. Mlangizi wa nthawi imeneyo, osati bwanawa, anatisonkhanitsa padibi pano n'kutiwerengera zonse bwinobwino. Boma likukongoza misoti iwiriiwiri. Wotenga amange khola lofolera kuti manyowa asamakokoloke ndi mvula, azisambitsa ng'ombe sabata iliyonse, ndipo asagulitse, asaphe, asapatse munthu mpaka ngongole itatha, chifukwa kufikira tsiku limenelo ng'ombezo n'zaboma. Wosunga zimenezi sadzalipira msonkho wa ng'ombe wa padibi, ndipo pakutha pa chaka alandira kamphotho ngati khola ndi mizere ya m'munda zili bwino. Ine ndinawerengera msanga m'mutu kuti kamphothoko kazindilipirira msonkho wamutu. Za msonkho ndinamva, za mphotho ndinamva. Mawu akuti n'zaboma analowera khutu ili n'kutulukira ili.

Ng'ombe zinabwera zitatemedwa khutu lakumanzere, chizindikiro cha boma. Ina yakuda ya banga loyera pakhosi, ina yofiira. Bambo ndinawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'khola. Anazisisita kuyambira kumphuno mpaka kumchira, akung'ung'udza mawu achingoni amene ine sindiwamva, ndipo nditawauza maonekedwe ake anazitcha yakudayo Khungubwe, yofiirayo Katondo. Chiyambire tsiku limenelo nkhalamba ija inayamba kudzuka m'mawa isanadzutsidwe. Amuna anayambanso kubwera kudzaothera dzuwa pakhola pathu, monga Angoni timachitira. Bambo aang'ono a Zakeyo, mng'ono wawo wa bambo, ankabwera ndi mwana wawo Fanuelo, ndipo ndinamva ndi makutu anga akunditcha Ngozo.

Chisangalalo chimenecho sichinafike patali. Misoti isanaswe n'komwe, bambo anagona ndi chifuwa, ndipo sanadzukenso.

M'mawa wa maliro a Zakeyo ananditengera kuseri kwa khola. Sanakalipe, anayankhula mofatsa ngati munthu amene akukukumbutsa chinthu chimene ukuchidziwa kale.

"Ngozo, mkulu wanga anabadwira m'khola lodzaza. Sangagone m'mphasa ngati wopanda kanthu, chikumba chikuyenda apo."

Ndinawauza kuti ng'ombezo n'zaboma, zangongole. Iwo anati boma lili ku Ntcheu koma maliro ali pano, ndipo inayo ikadzaswa ndidzabwezera, mzungu sadziwa ng'ombe ndi nkhope. Kenako anawonjezera mawu amene anandigonjetsa.

"Mayi anu anaikidwa inu kulibe. Lero mulipo. Tione kukhalapo kwanu."

Abale anga, musawade a Zakeyo, anapita kale ndipo sangadziyankhire. Zimene ananena ndi mwambo wathu weniweni. Mngoni wa khola amapita atakulungidwa m'chikumba, ndiye kuti chikopa cha ng'ombe yake, ndipo olira amadya nyama yake. Ngakhale ife a mpingo sitinausiye. Iwo sanandigwire dzanja. Ndine ndinalowa m'khola, ndine ndinaloza Khungubwe.

Maliro anayenda mwaulemu. Akulu a mpingo anapemphera, atatha amuna anatulutsa zishango n'kuimba nyimbo zamakolo mpaka fumbi linakwera. Anthu anadya, ena anatengera nthuli kunyumba. Amayi omwe aja a pachitsime ndinawamva akuti mwana wa a Ngozo wawaika bambo ake mwachimuna. Ndikanena kuti sindinakondwe, ndiye kuti ndikukunamizani. Tsiku limenelo ndinali munthu m'mudzi mwathu.

Kenako linafika tsiku la dibi.

Mukudziwa kuti kalaliki wa pano amayang'ana ng'ombe za munthu aliyense zikamalumphira m'madzimo. Ndikanabwera ndi imodzi akanandifunsa kuti inzake ili kuti. Ndinati ndipita sabata yamawa, ndikhale nditaganiza chonena. Sabata yamawayo ndinatumiza mawu kuti ndikudwala. Sabata inayo ndinati ng'ombe ndi zimene zikudwala. Mlangizi atamva zimenezo anati abwera adzazione, ndipo ine ndinatenga Katondo n'kukamuikiza kwa mlongo wanga ku Champiti, monga timaikizirana ziweto. Esinati ndinamuuza kuti kwathu msipu watha. Mlangizi atafika ndinamulozera khola lopanda kanthu n'kumuuza kuti zonse ziwiri zabedwa. Ndikhulupirira kuti za maliro anali atamva kale, popeza nyama imene yadyedwa ndi mudzi wonse siingakhale chinsinsi.

Zotsatira zake zinabwera zothamanga. Anandichotsa pagulu la alimi a ngongole. Kamphotho kaja kanapita. Msonkho wa ng'ombe umene anandikhululukira unabwerera, msonkho wamutu uli pomwepo, ndipo ngongole ya misoti iwiri ankaifuna yonse. Ndinapita kwa a Zakeyo kuti mwina abale tisonkherane, popeza nyama tinadya tonse. Anandiyankha mwachidule kuti chala chimene chinadinda chinali changa. Pakhola panasiya kubwera anthu. Munthu sapita kukaothera dzuwa pakhola lopanda ng'ombe.

Ndiye ndinapeza anzanga ena, a kachasu. Kumeneko safunsa kuti ng'ombe zili kuti, amangofunsa kuti m'thumba muli chiyani. Ndinagulitsa jekete la ku Joni, bulangeti, bokosi lachitsulo, kenako chitseko cha nyumba ya bambo. A Nyoni uko mukumwetulira, chitsekocho chili kwanu mpaka lero, ndikudziwa, ndipo musadandaule, munagula mwachilungamo. Amesenjala akamazungulira za msonkho ndinkathawira kuphiri limodzi ndi anyani. Tsiku lina anandipeza ndili gone pamalo a mowa dzuwa lili paliwombo, ndipo sanavutike n'kundithamangitsa. Anandimanga chingwe m'chiuno n'kundiyendetsa mumsewu waukulu mpaka ku Boma, anthu a pa Nsipe akuonerera.

Za ndende sindinena zambiri. Kutchetcha udzu, kuphwanya miyala, kutaya zidebe za kuchimbudzi, zonsezo munthu amene anagwirapo m'mgodi saziopa. Chimene chinkandipweteka ndi tsiku loonera akaidi. Anzanga ankaitanidwa mmodzimmodzi kupita kuwaya, wina mkazi wamubweretsera mbatata yootcha, wina mayi ake abwera ndi chimanga chokazinga pakansalu. Ngakhale munthu amene anatema mnzake ndi chikwanje anali ndi womuzonda. Ine ndinkakhala potsamira khoma, makutu ali tcheru, mwina atchula dzina langa. Sanalitchule ndi kamodzi komwe. Ndinkawerenga m'mutu anthu amene anadya Khungubwe, nkhope ndi nkhope, ndipo mtima unkawawa kuposa njala. Ku Joni ndinasungulumwapo, koma kuja ndinkadzitonthoza kuti kwathu kuli kutali. Koma kundendeko kwathu kunali kuseri kwa phiri chabe.

Potuluka ndinali nditamanga kale fundo. Ndikatenge Katondo ku Champiti, ndikamugulitse kwa opha nyama, ndalamazo ndikwerere ulendo wa ku Joni, osadzabweranso. Ngongole itsale ikundifuna, ndende inali ya msonkho chabe, ndipo mlandu wa ng'ombe unali ukadali m'tsogolo.

Esinati ndinamupeza akupalira mbatata kuseri kwa nyumba. Mwamuna wake anali ku Halale kumafamu a fodya, iye anali yekha ndi ana. Ndinayamba ndi kumukalipira kuti m'bale wake anali m'ndende iye osabwera n'komwe. Anangonditsogolera kukakhwawa kumene anamangirira ng'ombe. Katondo anali wowonda koma wosalala, ndipo mimba inali itatsika, bere lalikulu ndithu. Esinati anati anadziwa kalekale kuti ng'ombeyo ndi yobisa, khutu linamuuza. Kudibi sakanaipititsa, ndiye m'mawa uliwonse ankaichotsa nkhupakupa ndi manja, m'makutu, m'khwapa, pansi pa mchira, n'kumaziponya pamoto. Akanachoka tsiku lathunthu kupita ku Boma, akanaisiyira ndani?

Ndinachita manyazi, koma manyazi sanandibweze. Ndinamuuza maganizo anga. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andigwira mwendo. Iye anamasula chingwe pamtengo n'kundipatsa m'manja.

"Tengani, achimwene. Koma ulendo uno mukapita musadzatumize kalata. Ndikulireni lero lomwe, kamodzi, ndithane nazo."

Anabwerera kumbatata zake, osacheuka.

Ndinatsika nayo ng'ombe ija pang'onopang'ono chifukwa inali yolemedwa. Imati ikayenda pang'ono n'kuima, n'kumapuma mwamphamvu. Mawu a mlongo wanga ankandizungulira m'mutu, ndipo ndinkawayankha ndekha mumsewu ngati wamisala, kuti alire, ine wandilira ndani. Kufupi ndi Nsipe kunali bambo wina wopha ng'ombe pansi pa mtengo, sindimutchula dzina, ana ake ali moyo. Anaizungulira ng'ombeyo, anagwira khutu lotemedwa lija, n'kuseka. Anati iyi ndi yaboma, ndiye mtengo wake utsika, koma ndisaope, khutu adula n'kuponyera agalu, chikumba sichiyankhula. Kenako anaigunda pamimba ndi chibakera, n'kunena kuti muli mwana wamkulu ndithu, koma wam'mimba salipira, ameneyo ndi basera.

Pamene anagundapo panagwedezeka. Ndinaona ndi maso anga, kanthu kanakankha chikopa kuchokera m'kati, kamodzi, kenako kachiwiri.

Sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Sikunamveke mawu kuchokera kumwamba ayi. Ndinangoima chingwe chili m'manja, bamboyo akunola mpeni pamwala. Ndinaganiza kuti yoyamba ndinaipha kuti anthu anditche wakwathu, ndipo ndinali ndi chowiringula, anali maliro a bambo. Nanga iyi ndi mwana wake ndikuziphera chiyani? Kuti ndikafere m'dziko la eni, chinthu chimene ndinkachiopa kuposa china chilichonse. Mlongo wanga wakhala akugwada m'mame miyezi yonseyi kuti chinthu changa chikhale moyo, ine ndili m'ndende kumamuwerengera pamodzi ndi ondiiwala. Munthu mmodzi yekha amene ndinali naye ndinali nditangomusiya kuti andilire.

Bamboyo anati tatiyeni, dzuwa likupita. Ndinamuuza kuti ndasintha maganizo. Anakweza mtengo pang'ono. Ndinakoka chingwe, ndipo iye ananditukwana ndi mawu amene sindingawabwereze pano pali akulu a mpingo.

Pamsewu waukulu ndinakhotera ku Ntcheu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe wina akanandiyendera ulendo umenewo. Msewu womwe anandiyendetsa ndi chingwe m'chiuno ndinauyendanso, tsopano chingwe ndikugwira ndine. Tinagona panjira, ndipo m'mawa mwake ndinamangirira Katondo pamtengo wa kutsogolo kwa ofesi, amesenjala akundiyang'ana ngati ndapenga.

Mlangizi uja atatuluka ndinavula chipewa.

"Bwana, ndinanama. Sizinabedwe. Ina ndinaphera maliro a bambo anga, ina ndi iyi."

Anandifunsa chifukwa chake sindinabwere kudzanena sabata yomwe ya maliro. Anati ndikanatero tikanapangana zolipira yakufayo pang'onopang'ono, dzina langa silikanachotsedwa, msonkho sukanandigwera, ndipo ndende sindikanaiona. Mumve bwino pamenepa, abale anga. Kupha Khungubwe kunali kulakwa, koma chimene chinanditsekera m'ndende ndi kuthawa dibi sabata yotsatirayo.

Nkhani inapita kwa akuluakulu a ku ofesi, ndipo sanandisisite ayi. Ngongole inakhala ya misoti iwiri monga ndinadindira. Mwana woyamba wa Katondo akadzaleka kuyamwa adzapita kwa mlimi wina, kuchotsera pangongoleyo. Msonkho wa ng'ombe ndizilipira ngati wina aliyense kufikira nditasambitsa chaka chathunthu osajomba. Koma ng'ombe anandibwezera, ndipo mlandu sunapite kukhoti.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinakwerera, pakuti ena mukuganiza kuti munthu akalapa zonse zimangoyera. Kunyumba ndinapeza denga la khola litagwa, nyumba yopanda chitseko. Ndinayamba ndi khola, ine n'kumagona m'nyumba yotseka ndi mphasa. Katondo anaswa thole lalikazi, ndipo tsiku limene anadzalitenga mayi wake analira mpaka mawu kusasa, ine ndinapita kumunda kuti ndisamve. Padibi pano ndinkafika woyamba, kukhale mvula kukhale chisanu cha mwezi wa Juni. Kachasu sindinamusiye ndi pemphero lokha. Ndinasintha njira yopitira kumunda, ndinkazungulira kudambo, mtunda wautali, kuti ndisadutse pakhomo pamene amatcheza, popeza fungo lokha linkandikoka. Ndinagwapo kamodzi, sindibisa, ndipo m'mawa mwake ndinapeza ng'ombe ikulira ndi ludzu m'khola dzuwa litakwera. Kuyambira pamenepo basi.

Manyowa ndiwo anandilipirira ngongole. Ndinkawatuta ndi dengu pamutu kupita kumunda wa kachewere, amuna anzanga akuseka kuti Mtchona wasanduka mkazi. Kachewereyo anabereka, ndipo ndinkamugulitsa pamsewu kwa a malole. Ndalama ndikaigwira sindinkalola kuti igone m'nyumba, ndinkapita nayo ku Boma ngakhale ikhale yochepa yochititsa manyazi. Ndinagulanso mbuzi, dala, kuti tsoka likadzagwa pabanja ndidzakhale ndi chopereka chimene chili changachanga. Ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kwa abale onse, kulibe wodwala, kulibe maliro, kuwauza kuti ng'ombe za m'khola mwanga si zanga, asadzaziwerengere. Onse anavomera ndi mitu. Kuvomera n'kosavuta pamene palibe wamwalira.

Ngongole itatsala pang'ono kutha, a Zakeyo anamwalira, alibe ng'ombe ndi imodzi yomwe. M'khola munali Katondo ndi ana ake awiri obadwa pambuyo, zonse zidakali m'manja mwa boma. Mamawa Fanuelo anafika ndi akulu awiri, maso ali psuu ndi kulira. Fanuelo ndi mng'ono wanga, tinakulira m'nyumba zoyandikana. Sanatalikitse nkhani. Anati bambo anga anapita m'chikumba chifukwa cha pakamwa pa bambo ake, ndiye lero ndi tsiku lobweza.

Mukuganiza kuti zinali zosavuta chifukwa ndinali nditaphunzira? Zinali zovuta kuposa poyamba. Ananena zoona. Ndinkadziwanso chimene chindichitikire ndikakana.

"Fanuelo, mbuzi iyo tengani, ndi ufa, ndipo manda ndikumba nawo. Ng'ombezi si zanga."

"Za bambo anu zinali zanu?"

"Sizinali. N'chifukwa chake ndinakagona ku Boma."

Mbuzi anaikana. A Zakeyo anapita m'mphasa. Kumanda nditagwira khasu wina anandilanda mwakachetechete. Pakudya mbale inandilumpha, ndinakhala ndekha pachitsa kumapeto kwa bwalo mpaka anthu anabalalika. Kuchokera tsiku limenelo a kwa Ngozo anasiya kundipatsa moni. Kutchalitchi benchi imene ndakhala inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ana awo ankawaletsa kudzatenga mkaka kwanga, ndipo mkakawo ndinkaumwa ndekha, wotsala n'kupatsa galu. Esinati yekha ndiye ankabwera pakapita nthawi, koma Champiti si pafupi kwa mayi wa ana.

Ichi ndi chimene sichilembedwa papepala mukufuna kudindalo. Bwana mlangizi akuuzani za dibi, za khola, za msonkho umene akuchotsereni, ndipo zonsezo n'zoona, boma silinandinamize ndi pamodzi pomwe. Koma ng'ombe ikalowa m'khola mwanu abale adzaiona ngati yabanja, chifukwa kwathu kuno ndi mmene zakhalira chiyambire makolo. Kudzagwa maliro, kudzabwera mlandu wofuna chindapusa, mwana wa achimwene adzafuna kukwatira. Adzabwera kwa inu anthu amene mumawakonda, ndipo adzanena zomveka. Musanadinde, dzifunseni ngati mungathe kumuyang'ana m'maso m'bale wanu wofedwa n'kumuuza kuti ayi. Ngati simungathe, pukutani chala chanu mubwerere kunyumba, palibe akusekeni. Ngati mwadinda ndipo mwalakwa, bwerani padibi sabata yomweyo ndi zimene zatsala, mudzanene ndi pakamwa panu.

Tsiku limene ndinapereka ndalama yomaliza, mlangizi anandigwira chanza n'kunena kuti ng'ombezo tsopano n'zanga. Ndinayenda msewu wonse wochokera ku Boma ndili ndi nkhani yabwino m'kamwa, wopanda woti ndimuuze. Nditafika ndinalowa m'khola n'kukhala pansi pakati pa ng'ombe zanga, ndipo ndinalira.

M'mawa mwake ndinatenga nkhunzi yaing'ono, mwana wa Katondo, ndinapita nayo kwa Fanuelo. Ndinaimangirira pamtengo wa pakhomo pake. Iye anali pakhonde akusema mpini, sanadzutse mutu. Ndinamuuza kuti iyi ndi yanga tsopano, ndabwera nayo ya chikumbutso cha bambo aang'ono, aphe tsiku limene angafune. Anapitiriza kusema mpini wake. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinabwerera. Madzulo ndinkayembekeza kuti ndiipeza yabwezedwa pakhola panga, koma sinabwere. Chikumbutso chinachitika, nyama inadyedwa, ine sanandiitane.

Ndinaganiza kuti basi, ndi mmene ndidzafere, wakwathu koma wopanda wake. Ndinazolowera kuyankhula ndi ng'ombe.

Chaka chathachi, mvula itayandikira, ndinali m'khola m'mawa ndikukokera manyowa pamulu. Ndinamva munthu akutsokomola kunja kwa mpanda. Anali Fanuelo, dengu lili m'manja, akuyang'ana ng'ombe osati ine. 

"Ngozo, kachewere wanga chaka chatha sanabereke," anatero. "Manyowa alipo?"

Ndinamuuza kuti alipo, alowe. Tinadzaza dengulo awiri, ndipo ndinamusenzetsa. Mawa lake anabweranso ndi madengu awiri ndi mkazi wake.

Za maliro aja sitinakambiranepo mpaka lero, ndipo sindikudziwa ngati anandikhululukira. Koma ndi uyo wakhala kumbuyoko, wa chipewa chakhakiyo, nayenso wabwera kudzadinda. Panjira pobwera kuno ndamuuza kuti tsiku limene a kwathu adzafike pakhola pake kudzafuna chikumba, asadzaime yekha monga ndinaimira ine. Adzatume mwana kwa ine, ndidzabwera ndi ng'ombe yanga.

Ndathokoza, bwana mlangizi. Aitaneni tsopano.